Phala la Alamu Anga

Amuna anga ankakonda tiyi wa shuga wambiri, uja woti ukamwa milomo imachita kumata. Akabwera kunyanja m'mawa, asanayanike n'komwe ukonde, ankayamba afunsa ngati madzi awira. Ndiye tsiku limene achipatala anawauza kuti ali ndi matenda a shuga, asiye zotsekemera zonse, anafika pakhomo ngati munthu wochokera kumaliro. Ifenso tinali titaona kale kuti m'thupi mwawo simuli bwino: ludzu losatha, kupita kuseri pafupipafupi, ndi nyerere zimene zinkaunjikana pamene ataya madzi. Anawapatsa mapiritsi. Anamwa mapiritsiwo zaka ndithu, tiyi akumwa wopanda kanthu, nkhope atakwinya ngati akumeza mankhwala a malungo.

Koma amene zinkawapweteka kwambiri sanali iwo ayi. Anali achemwali awo, alamu anga. Apongozi anga anamwalira amuna anga akadali wakhanda, ndipo alamu angawo ndi amene anawabereka kumsana, kuwatafunira chinangwa, kuwaphunzitsa kuyenda. Anakwatiwa, ana awo onse anapita ali aang'ono, amuna awonso anatsatira. Anatsala okha m'kanyumba kawo, kutsidya kwa munda wathu wa chinangwa. Mlongo wawoyo ndiye anali mwana wawo, ngakhale imvi zinali zitamera kale m'ndevu. Akamuona akumwa tiyi wowawa uja ankatembenukira kumbali.

"Moyo wanji umenewu," ankatero. "Munthu kugona panyanja usiku wonse, kubwera kudzamwa madzi a masamba ngati mbuzi."

Patangotha chaka chivotere, matipate atangoyamba kumene, amuna anga anagwidwa ndi vuto lina. Zilonda za m'mimba anali nazo kuyambira kale, koma tsopano chilichonse chimene adya chinkabwerera. Ankasanza ngakhale chakudya cha dzulo. Anaonda mpaka nthiti zinkawerengeka. Kuchipatala cha kuboma anatitumiza ku Lilongwe, ndipo kumeneko adokotala anati zilonda zija zapola moipa, zatseka khomo lotulukira chakudya m'chifu. Anawachita opaleshoni. Anadula mbali ina ya chifu, n'kukoka matumbo kuwalumikiza pamwamba, kuti chakudya chizidutsa njira yatsopano, chizilambalala potsekeka paja. Ine ndinkagona pansi pa bedi lawo, chitenje ndicho mphasa.

Chimene chinadabwitsa onse n'chakuti asanachotse n'komwe ulusi, shuga uja anatsika yekha. Achipatala ankawabaya chala m'mawa uliwonse, n'kumayang'anizana. Potitulutsa anati mapiritsi asiye, sakufunikanso, azidya pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Mwina ananena zinanso. Ine ndinali kunja kukamanga katundu, ndipo amuna anga makutu awo anagwira chimodzi chokha: matenda a shuga apita.

Tinafika kumudzi anthu atadzaza pabwalo. Anzawo a pabwato anawavula malaya kuti aone chipsera.

"Akutumbulani ngati kampango, achimwene!"

"Nanga anabwezeramo zonse? Werengani bwino, mwina china anakazinga."

"Anabwezera," anayankha amuna anga akuseka mogwira pamimba. "Anangochotsamo shuga ndi ngongole zanu."

Alamu anga sanaseke nawo. Anakhala pansi pafupi ndi miyendo yawo, akusisita mawondo owonda aja, misozi ikutsika.

Kwathu kuno wodwala akachira sitimusiya ndi mafupa. Timamubwezera thupi. Aliyense wobwera kudzazonda amanyamula kanthu, ndipo chinthu chaulemu kuposa zonse masiku amenewo chinali shuga, chifukwa mtengo wake unali utathawa osauka. Ndiponso amene wabweretsa chakudya chophika amayamba walawa yekha pamaso pa onse, kenako n'kupereka. Wopatsidwayo sakana. Kukana mbale imene mwini wake walawa ndiko kunena mosatsegula pakamwa kuti ndikukukayikirani. Zimenezi palibe amene anatiphunzitsa, tinangozipeza.

Alamu anga anagulitsa nkhuku zawo, n'kutuma munthu ku Dwangwa kukagula shuga. M'mawa uliwonse ankasinja mpunga, kuphika phala losalala, kuthiramo shuga mosaumira, n'kubwera nalo m'mbale ya maluwa atavindikira ndi inzake. Ankakhala pakhonde, kulawa kamodzi, n'kupereka.

"Idya, mwana wa amayi. Zaka zonse zija unamanidwa zibwerere."

Amuna anga ankakombeza mpaka ndi chala.

Tsiku loyamba kugwa anali pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. Dzuwa linali litakwera pang'ono, phala atadya kalekale. Ndinamva akundiitana ndi mawu achilendo. Ndinawapeza thukuta lili chuchuchu ngati awathira madzi, manja akunjenjemera, milomo itayera. Ankalankhula zosamveka, kundiyang'ana ngati sakundidziwa. Kenako anapendekeka n'kugwera pa ukonde. Ndinakuwa. Woyamba kufika anali alamu anga. Anawanyamula mutu n'kuuika pamwendo pawo, ndipo popeza anali ndi tiyi wawo m'kapu, anawadonthezera m'kamwa pang'onopang'ono. Posakhalitsa maso anabwerera. Anadzuka n'kufunsa kuti anthu onsewa akufuna chiyani.

Tinati ndi kufooka kwa opaleshoni. Alamu anga anati ndiye kuti phala likuchepa, mawa lake anawonjezera shuga.

Zinachitikanso. Ndipo zinachitikanso. Osati tsiku lililonse, koma kawirikawiri, ndiponso nthawi yake imodzimodzi, dzuwa likamayamba kutentha paphewa. Masana akadya kondowole pang'ono, nsima yathu ya chinangwa, ndi usipa, kapena nyemba, ankakhala bwinobwino mpaka kugona. Kugwa kunali kwa m'mawa, pambuyo pa mbale ya maluwa ija. Ndipo nthawi zonse alamu anga akathamanga ndi tiyi wawo, munthu ankadzuka.

Inu amene munabadwa pambuyo pake simungadziwe mmene pakamwa pa anthu panatsegukira zaka zimenezo. Tinakhala nthawi yaitali tikuyang'ana kumbuyo tisanalankhule. Ndiye ufulu utabwera, aliyense ankanena chimene chafika pa lilime, n'kumati ndi demokalase. Zina zinali zabwino, zoti zinenedwe. Koma lilime silisankha. Kuchitsime, kudambo la mpunga, pogula nsomba, nkhani inayamba kuyenda. Amati taonani, akadya kwa mkazi wake sagwa, akadya kwa mlongo wake agwa. Amati taonani amene amamudzutsa, womanga mfundo ndi amene amadziwa pomasulira. Amati ana ake onse anapita kuti, mwamuna wake anapita kuti. Ena anawonjezera kuti akufuna munda wa kudambo umene makolo anasiyira awiriwo.

Ine ndinkadya nawo phala lomwelo. Tsiku lina ndinatenga mbaleyo pamaso pa amayi amene anabwera kudzazonda, ndinadya theka lonse, n'kukhala pompo mpaka masana osamva kanthu. Mmodzi anangoti, "Mankhwala amadziwa mwini wake, mayi." Koma nanenso sindinkadziwa chimene chinkagwetsa amuna anga.

Mwana wathu woyamba, amene panthawiyo anali ndi banja lake kale, ndiye anabweretsa nkhaniyo m'nyumba. Anakhala pampando moyang'ana pansi.

"Bambo, anthu akulankhula."

"Anthu ali ndi pakamwa."

"Ine sindikunena kuti azakhali achita kanthu. Koma tayesani kusiya phala lawolo, tione."

"Ukudziwa chimene ukundipempha?"

"Ndikudziwa. Koma tsiku lina mudzagwera m'madzi."

Amuna anga ankafunitsitsa kubwerera panyanja, ndipo anzawo anali atawauza kale kuti sangakwere bwato ndi munthu wokomoka. Masiku angapo anapitiriza kulandira mbale. Kenako anagwa poipa, pafupi ndi moto umene ndinkawambirapo nsomba, mpaka mkono unapsa.

M'mawa wotsatira alamu anga anabwera monga mwa masiku onse. Anakhala pakhonde, anavundukula, analawa, anapereka ndi manja awiri. Amuna anga anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Kenako anaikankha pang'ono ndi nsonga za zala, kubwezera kumene inachokera.

"Lero ndakhuta, achemwali."

Panalibe wina anamva koma ine. Nkhuku zinkangotola zake pabwalo. Alamu anga anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana mkono womangidwa nsanza uja. Anatenga supuni n'kudya phala lonselo okha, pang'onopang'ono, mpaka mbale inayera. Anavindikira.

"Ndamva," anatero. Ananyamuka.

Sipanapite nthawi, anamanga katundu wawo. Anati akupita ku Dwambazi kwa msuweni wawo kukathandiza kukolola. Aliyense anadziwa kuti sikukolola. Ana anali atayamba kuthawa akawaona panjira, ndipo kuchitsime amayi ankachotsa ndowa zawo iwo akafika. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Podikira galimoto anandipatsa kiyi wa kanyumba kawo.

"Mlamu, muzimuphikira. Amakonda losalala, lopanda mibulu."

"Mubwera liti?"

"Akadzamva njala."

Ndipo kugwa kunatha. Ichi ndicho chinandiwawa koposa. M'nyumba mwanga munalibe shuga, ndalama zonse zinathera ku Lilongwe, ndiye phala langa linali la nsinjiro ndi kamchere. Amuna anga analimba, anabwerera pabwato. Anthu anati mwaona? Mwana wathu ankayenda ngati munthu amene wapulumutsa bambo ake. Dzina la alamu anga linasanduka loopsezera ana. Amuna anga okha sankalitchula. Nthawi zina ndinkawapeza ataima m'mphepete mwa munda wa chinangwa, akuyang'ana udzu umene unayamba kumera pakhomo pa kanyumba kaja.

Choonadi chinatulukira pa ukwati. Mwana wa mnzawo wa pabwato ankakwatira, miyezi yambiri alamu anga atachoka. Kunali mpunga, kunali nyama ya mbuzi, ndiponso thobwa lothira shuga mpaka kukoma ngati uchi. Amuna anga, poti anali asanadye kanthu kuyambira m'mawa, anamwa chikho chodzaza, anawonjezera china. Shehe atamaliza mapemphero, anthu akuyamba kuvina, ndinawaona atatsamira mtengo, thukuta lija lili chuchuchu. Ndisanafike anagwa. Ulendo uno sanadzuke msanga. Panalibe wothamanga ndi tiyi, chifukwa wodziwa kutero anali kutali, kutsidya kwa mitsinje yambiri.

Tinawanyamula pa galimoto ya akwati mpaka kuchipatala cha kuboma. Kumeneko tinapeza adokotala achizimayi, aafupi, olankhula mofulumira. Anawabaya chala, anayang'ana, nthawi yomweyo anaitanitsa botolo la madzi n'kuwalowetsa pamkono. Amuna anga atatsegula maso, adokotalawo anaona chipsera cha pamimba n'kuyamba kundifunsa. Anawachita chiyani ku Lilongwe? Adya chiyani lero? Zinachitikapo kale? Akagwa amakhala atadya chiyani?

Ndinanena zonse. Phala la mpunga, shuga, nthawi yake, tiyi wowadzutsa.

"Shuga wawo anatsika kwambiri," anatero. "Ndicho chawagwetsa."

"Atsika bwanji munthu atamwa shuga?" anafunsa mwana wathu, amene anabwera nafe. "Si ndiye akwere?"

Adokotalawo anakoka mpando. Anafotokoza, ndipo ine ndinena mmene ndinamvera. Anati chifu cha munthu chili ngati nkhokwe yokhala ndi kakhomo kakang'ono, chimasunga chakudya n'kumatulutsa pang'onopang'ono. Cha amuna anga kakhomo kaja kanalambalalidwa, ndiye chakumwa chotsekemera chimangotsetsereka n'kufika m'matumbo chonse nthawi imodzi. Anati matumbo si chingwe chabe chodutsamo chakudya. Ali ndi timadzi tawo timene amatumiza m'magazi ngati amithenga, kukauza kapamba kuti kwabwera shuga, tulutsa mankhwala ako omuchotsa. Amithenga amenewa, chichitikire opaleshoni, anayamba kufuula kwambiri kuposa kale, ndipo ndiwo anathandiza kuti matenda aja agone mpaka mapiritsi asiyidwe. Koma shuga akafika wambiri mwadzidzidzi, amafuula mopitirira. Kapamba amatulutsa mankhwala ochuluka, amasesa shuga yense wobwera uja, n'kusesanso ngakhale amene thupi limafuna kuti munthu aime. Pamenepo ndiye thukuta, kunjenjemera, kugwa. Ndipo wogwayo ukamudonthezera kotsekemera pang'ono, amadzuka.

"Amene ankawapatsa tiyi uja ndani?" anafunsa.

"Achemwali awo."

"Ameneyo ndiye ankawapulumutsa. Mukanangowasiya chigonere, tsiku lina sakanadzuka. Koma phala lotsekemeralo alisiye. Azidya nsomba, nyemba, mtedza, masamba, pang'onopang'ono. Ndiponso muzibwera tiziwayeza, matenda a shuga amagona, nthawi zina amadzukanso."

Mwana wathu anatuluka panja. Amuna anga anatembenukira kukhoma, n'kukoka nsalu kuphimba nkhope. Mapewa awo ankagwedezeka. Adokotala anandiyang'ana modabwa, poganiza kuti mwina awaopseza. Sindinathe kuwafotokozera.

Lachisanu lotsatira, mapemphero atatha, amuna anga anapempha Shehe kuti alankhule pakhomo pa mzikiti. Ine ndinamvera chapatali pamodzi ndi amayi anzanga. Sanatalikitse. Anati chimene chinkandigwetsa ndi shuga ndi matumbo anga osokedwa, osati dzanja la munthu. Anati ndinagwa pa ukwati nonse mukuona, mlongo wanga ali ku Dwambazi. Anati amene anandibereka kumsana ndinamubwezera mbale. Anthu anang'ung'udza, ena anati ife tinkadziwa kale kuti mayi uja alibe mlandu. Omwe aja a kuchitsime. Mawu akatuluka alibe mwini.

Mawa lake tinakwera minibasi ya ku Dwangwa, kuchoka apo tinapeza matola. Tinawapeza alamu anga akusenda chinangwa chovuula kuseri kwa nyumba ya msuweni wawo. Anali atachepa thupi. Anatiyalira mphasa, anatipatsa moni mmodzimmodzi ngati alendo, kufunsa za ana, za mpunga, za mwera ngati wavuta chaka chino. Amuna anga anafotokoza zonse za adokotala, za amithenga a m'matumbo, za kapamba. Alamu anga ankangomvetsera, mpeni uli m'manja.

"Ndiye kuti linali phala langa ndithu," anatero potsiriza.

"Anali shuga, achemwali. Wa aliyense akanandigwetsa."

"Koma anali wanga. Ndinagulitsa nkhuku kuti ndikugwetse." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Anthu sananame kwenikweni."

"Ananama. Inenso ndinanama pamene ndinati ndakhuta." Amuna anga anawayang'ana m'maso. "Ndili ndi njala, achemwali."

Alamu anga anaika mpeni pansi, analowa m'khitchini. Ndinafuna kuwatsatira kukathandiza, anandibweza ndi dzanja. Tinamva mtondo ukulira. Patapita nthawi anatuluka ndi mbale ya phala la mpunga, lothira nsinjiro, lopanda shuga, pang'ono chabe pansi pa mbale. Anakhala pansi, anatenga supuni kuti alawe monga mwa mwambo. Supuni isanafike pakamwa, amuna anga anawagwira dzanja. Analanda supuniyo n'kudya iwo, osalola kuti mwini wake alawe. Anadya mpaka kukombeza ndi chala.

"Muli mibulu," anatero.

"Bodza. Phala langa silinakhalepo ndi mibulu."

Tinawapempha kuti tibwerere limodzi. Ndinatulutsa kiyi uja, ndinati denga tifolera, udzu tilambula. Anaulandira, anauyang'ana, n'kundibwezera.

"Iwe ndakukhululukira," anauza mlongo wawo. "Unali ndi mantha, ndipo unapsa mkono. Koma chitsime chija sindingatungenso. Ndikafika azidzandisekerera, azidzandithandiza kusenza ndowa, ine ndikudziwa zimene ananena. Ndakalamba, sindingathe kuyankha moni wotero tsiku lililonse."

Sanabwererenso. Mwana wathu anapita yekha kukagwada, anamulandira, anamuphikira, koma anakana kubwera naye. Kanyumba kaja kanagwa ndi mvula ya chaka chachiwiri, ndipo pamalopo tinadzalapo chinangwa.

Amuna anga anakhala zaka zambiri pambuyo pake, osagwanso, tiyi akumwa wowawa ngati kale koma osakwinyanso nkhope. Mwezi ukaoneka, nsomba zikagulidwa bwino, ankavala mkanjo wawo woyera n'kukwera galimoto ya ku Dwambazi. Ankachoka osadya kanthu. Ndikawauza kuti alawe kaye kenakake, ulendo ndi wautali, ankakana.

"Ndikadya uko," ankatero.

Anachita zimenezi mpaka chaka chimene tinapita tonse kukaika alamu anga m'manda, kumudzi kwa eni ake. Pa katundu wawo wochepa panali mbale ya maluwa ija. Msuweni wawo anandipatsa ine. Ndimasungiramo mchere.